KWATHU MLANDU SUOLA, KOMA KUNO UOLA

Abale athu amene mugwira nchito m'migodi ndi m'minda ya dziko lino la South Africa, lero tifuna kukamba nanu za njinga ndi galimoto. Njinga ndiyo bwenzi la munthu wa malipiro ocepa. Imfikitsa ku nchito m'mamawa, imfikitsa ku sitolo pa Loweruka, ndipo siipempha petulo. Koma mseu umene iyendamo njinga ndi womwewo iyendamo galimoto, ndipo pamene ziwirizi zigundana, cotyoka ndi pfupa la munthu wa pa njinga. Cakudza siciyimba ng'oma. Cifukwa cace nkwabwino kuti munthu adziwiretu cocita tsokalo lisanamgwere.

M'caka ca 2025 bambo wina wa kwathu, wogwira nchito pa munda wina wa malalanje ku Limpopo, anali kubwerera ku komboni madzulo atakwera njinga. Galimoto inadzera kumbuyo, niwagunda, niwaponya m'ngalande. Woyendetsayo anaima, nawanyamula, nawatula pa khomo la cipatala, nawapatsa R1 000 m'manja, nati, "Tisabvutane ndi apolisi." Bamboyo anathokoza, pakuti kwathu munthu wopepesa sitimkaniza. Dzina sanafunse, nambala ya galimoto sanaione. Mwendo unali utatyoka, ndipo anakhala miyezi itatu osagwira nchito. Tsiku lina anadza kwa ife kuti tiwathandize kulemba mau opita kumudzi, ofotokoza cifukwa cace ndalama zinaleka kufika. Tinawafunsa, "Bambo, kodi nkhaniyi munakainena ku polisi?" Iwo anayankha, "Mwana wanga, ndiyambe ndacira. Mlandu suola."

Mau amenewa ndi oona pa bwalo la mfumu kwathu, kumene mdzukulu angathe kulipira mbuzi imene agogo ace anaononga. Koma lamulo la kuno lipatsa mlandu wa pa mseu masiku owerengeka, ndipo masikuwo akatha, mlandu waola, ngakhale cilema ciri poonekera.

Tiyambe tawerenga cimene bamboyo anataya. Kuyambira mwezi wa March 2025 malipiro otsikitsa amene Boma linalamula anali R28.79 pa ora. Munthu wogwira maora 45 pa sabata analandira ngati R1 295. M'miyezi itatu ndalama zimenezi zipitirira R16 000. Pamenepa sitinawerenge kutsimphina kwa mwendo, kumene kudzawalepheretsa kukwera makwerero a malalanje monga kale. Tsono R1 000 ija inali ciani?

Ambiri a ife tiganiza kuti cipukuta-misozi cicokera m'thumba la woyendetsa galimoto, ndipo ticita manyazi kumsautsa munthu amene anatinyamula. Si momwemo iai. M'caka ca 1942 dziko lino linaika lamulo lakuti galimoto iri yonse ikhale ndi inshuwaransi yolipira anthu obvulala pa mseu, ndipo linayamba kugwira nchito mu 1946. Lamulo limene liripo lero ndi la 1996. Ilo linakhazikitsa thumba la Boma, dzina lace Road Accident Fund, limene linayamba nchito pa 1 May 1997. Thumbali lidzazidwa ndi msonkho wa petulo ndi dizilo. Mu 2021 msonkhowo unafika R2.18 pa lita iri yonse. Pamene mukwera basi kapena takisi, gawo la ndalama yanu lipita komweko. Cotero munthu wopempha ku Thumbali sapempha cifundo. Afunsa cimene lamulo linamsungira.

Kuyambira pa 1 August 2008 wobvulala saloledwanso kufuna ndalama za thupi lace kwa woyendetsa galimoto. Mlandu wonse wa thupi upita ku Thumba. Bwalo lalikuru loweruza za malamulo a dziko linabvomereza cimeneci mu 2010. Taonani tsono: pokanena ngozi ku polisi simulanda nkhuku ya woyendetsayo, koma pobisa ngoziyo mulanda cakudya ca ana anu.

Thumbali libweza ndalama zimene munthu anaononga ku cipatala. Ngati adzafunabe mankhwala m'tsogolo, lipereka kalata yolonjeza kulipira mankhwalawo. Lilipira malipiro amene anatayika pamene munthu anali cigonere, ndiponso amene adzatayika ngati mphamvu zace sizibwerera. Ndalama ya zowawa za thupi ndi cilema iperekedwa pokhapo ngati kubvulalako kuli kwakukuru. Dotolo ayesa munthuyo, nalemba pa pepala la RAF 4. Muyeso wace ndi wakuti thupi lataya magawo 30 pa 100, kapena kuti cilemaco ndi cacikuru ndi cokhalitsa. Munthu akafa, Thumba lilipira za maliro, ndipo mkazi ndi ana amene anali kudya m'dzanja lace angathe kufunsa cithandizo.

Koma njinga, zobvala ndi foni Thumba sililipira. Zimenezi zifunsidwa kwa woyendetsayo kapena kwa inshuwaransi yace. Akakana, kuli bwalo la milandu yaing'ono, dzina lace Small Claims Court, kumene munthu adzinenera yekha wopanda loya. Mu 2019 Boma linaika kuti bwalo limeneli liweruze milandu yosapitirira R20 000.

Dziwaninso kuti Thumba lilipira pamene woyendetsa galimoto anali ndi kulakwa, ngakhale kocepa. Ngati wa pa njinga nayenso analakwa, lamulo la 1956 ligawa kulakwako pakati pa awiriwo. Woweruza akapeza kuti kulakwa kwanu ndi magawo 20 pa 100, ndalama imene ikadakhala R100 000 itsika kufika R80 000. Cifukwa cace yendani kumanzere kwa mseu, khalani ndi nyali usiku, musakwere njinga mutamwa, ndipo bvalani cisoti colimba, cimene lamulo linayamba kufuna kwa okwera njinga mu 2004. Zinthu izi zisunga moyo, zisunganso mlandu.

Tsono tifike pa masiku aja. Ngati woyendetsa kapena mwini galimoto adziwika, pepala la mlandu, dzina lace RAF 1, liyenera kufika ku Thumba zisanathe zaka 3 kucokera tsiku la ngozi. Ngati galimoto inathawa, kapena mwini wace sadziwika, zaka ndi 2 zokha. Bambo wathu uja, posafunsa dzina ndi nambala, anadzicotsera caka cathunthu osadziwa. Pepala likalowa pa nthawi yace, Thumba lipatsidwa masiku 120 kuti lione nkhaniyo, ndipo likapanda kulipira, mlandu uyenera kupita ku bwalo zisanathe zaka 5 kucokera tsiku lomwelo la ngozi. Zaka 3 zioneka zambiri kwa munthu wogona pa bedi. Koma dotolo asamuka, mboni ipita kwao, munda usintha kapitao, ndipo wobvulala mwini wace abwerera kumudzi kukacira, naiwala.

Nanga munthu acitenji pa tsiku la ngozi? Coyamba ndico nambala ya galimoto. Ngati inu simungathe, mnzanu ailembe kapena aijambule pa foni, pamodzi ndi malo ndi njinga yophwanyikayo. Caciwiri ndico maina ndi manambala a foni a anthu amene anaona. Cacitatu ndico polisi. Lamulo lifuna kuti woyendetsa akanene ngozi asanathe maora 24, koma inu musadalire iye. Pitani nokha kapena tumani mbale, ndipo sungani nambala imene apolisi adzakupatsani. Cacinai ndico cipatala. Pitani tsiku lomwelo, nenani poyera kuti inakugundani ndi galimoto, ndipo chulani pali ponse pamene pawawa, mutu, msana kapena khosi. Cimene dotolo sanacilembe, woweruza sadzaciona. Cotsiriza, sungani mapepala a malipiro anu ndi malisiti onse, ndipo musalembe dzina kapena kudinda cala pa pepala limene simunalimve.

Pali cinthu cina cimene cigwetsa anthu a kwathu. Ena ali ndi dzina la pa pasipoti ndi dzina lina la ku nchito. Ku cipatala ndi ku polisi perekani dzina la pa pasipoti. Maina akasiyana, mudzataya miyezi yambiri kuonetsa kuti munthu wa ku cipatala ndi inu nomwe.

Tidziwa kuti ambiri afunsa mumtima, "Nanga ife alendo?" Mu 2022 akuru a Thumba anaika lamulo lakuti mlendo ayambe waonetsa kuti anali m'dziko muno mololedwa pa tsiku la ngozi. Alendo ena obvulala anakadandaula, ndipo mu March 2024 bwalo lalikuru la ku Pretoria linafafaniza lamulolo, linati mau a lamulo la 1996 anena za munthu ali yense. Ife tilangiza mbale ali yense kuti akonze mapepala ace, pakuti munthu wa mapepala abwino ayenda ndi mtima wokhazikika. Koma tinenanso kuti mlendo si munthu wopanda bwalo.

Inu a m'migodi ndi m'minda, zindikirani kusiyana uku. Munthu wogundidwa pa njinga yace popita ku nchito kapena pobwerera, kawiri-kawiri mlandu wace uli ku Thumba la pa mseu lokha. Koma ngati bwana kapena kapitao anamtuma, nagundidwa ali pa nchito ya bwanayo, likhudzidwanso lamulo la 1993 la obvulala pa nchito. M'migodi yambiri mlandu wotere uyendetsedwa ndi Rand Mutual Assurance, imene inayamba mu 1894. Uzani bwana msanga kuti alembe. 

Cenjerani ndi anthu oyendayenda m'zipatala, amene afika pa bedi la wodwala ndi mau okoma, nati, "Tidzakutengerani ndalama zanu, inu mudzatigawireko." Lamulo la 1996 linena kuti munthu akapangana zogawana cipukuta-misozi cace ndi munthu wamba wotere, Thumba lingathe kukana kulipira. Njira zoyenera ndi ziwiri. Mungathe kupita nokha ku ofesi ya Thumba ndi mapepala anu, osalipira munthu. Kapena mungathe kufuna loya weni-weni. Ngati mupangana naye kuti adzalandire pokhapo mlandu ukapambana, lamulo la 1997 limletsa kutenga malipiro opitirira magawo 25 pa 100 a ndalama zanu. Panganolo likhale lolembedwa, ndipo inu mutengeko pepala lanu. Loya wonyenga anenezedwa ku bungwe loyang'anira maloya, dzina lace Legal Practice Council.

Mlandu waung'ono munthu angauyendetse yekha, koma pa cilema cacikuru ife tiona kuti loya afunika, pakuti kuwerenga malipiro a zaka za m'tsogolo si nchito ya munthu wodwala. Ndipo Thumba likachula ndalama, musathamangire kubvomera cifukwa ca njala ya mwezi umenewo. Funsani kuti ndalamayo iwerengera ciani ndi ciani. Safunsa anadya phula. Mukalemba dzina kuti mwalandira zonse, mwendo ukayambanso kupweteka caka camawa, khomo mwatseka nokha.

Sitifuna kukunamizani kuti njirayi ndi yaifupi. Thumbali liri ndi ngongole zambiri, ndipo anthu adikira zaka. Mabvuto ace anakula kotero kuti mu July 2025 nduna ya za maulendo, Barbara Creecy, inacotsa bungwe lonse la akuru oliyang'anira. Cifukwa cace mukabwerera kumudzi mlandu usanathe, siyani keyala ndi nambala ya foni imene siidzasintha, ndipo mkazi wanu kapena mbale wokhulupirika adziwe dzina la loya ndi nambala ya mlandu. Kudikira kuwawa, koma wodikira ndi iye amene pepala lace linalowa. Amene pepala lace silinalowe alibe codikira.

Za bambo wathu uja, tinawauza zonsezi, ndipo anakhala cete nthawi yaitali. Pambuyo pace anati, "Mwana wanga, kodi mawa uli ndi mpata?" Tinapita nao ku polisi, nalumbira mau ao. Ku cipatala tinapeza kuti anawalemba dzina la pa pasipoti ndi tsiku loona, ndipo analemba kuti inali galimoto. Mai wina wogulitsa zipatso m'mbali mwa mseu anakumbukira ngoziyo, nabvomera kukhala mboni, ngakhale nambala sanaisunge. Pepala lao linalowa zaka 2 zisanathe. Pamene tilemba mau ano ndalama sizinafike, ndipo bamboyo ayenda ndi ndodo, agwira nchito yosankha malalanje ali cikhalire. Njinga yao palibe adzailipira, pakuti mwini galimoto sadziwika.

Inu amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu mau awa m'komboni madzulo. Ndipo ngati pali mbale amene anagundidwa caka catha kapena dzana, nakhala cete, mfunseni lero lomwe tsiku limene anagundidwa, muwerenge naye miyezi imene yatsala.