Milungu inayi yopanda chapelo: tchuthi cha nyengo yozizira cha ophunzira a ku Wheaton

Mayeso otseka semesita akatha chapakati pa Disembala, koleji ya Wheaton m'chigawo cha Illinois ku America imangoti zii. Ena makolo amabwera kudzawatenga pa galimoto, ena amakoka zikwama zawo kupita pa siteshoni ya College Avenue kukakwera sitima ya ku Chicago, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Kuyambira pamenepo mpaka makalasi adzayambenso mu Januwale, wophunzira amakhala milungu itatu kapena inayi wopanda womuuza nthawi yodzuka, yowerenga ngakhale yopemphera.

Kwa wophunzira wa pa Wheaton kusinthaku n'kwakukulu. Kolejiyi ndi yachikhristu, inakhazikitsidwa mu 1860 motsogoleredwa ndi Jonathan Blanchard, mbusa amene ankadana kwambiri ndi ukapolo, ndipo mlaliki Billy Graham anamaliza maphunziro ake pomwepa mu 1943. Ophunzira amayenera kupezeka pa mapemphero a m'chapelo katatu pa sabata. M'nyumba zawo zogona mumakhala timagulu tophunzira Baibulo, ndipo anzako okha amakukumbutsa kuti nthawi yakwana. Pamalo otere munthu atha kuyenda m'njira ya chikhulupiriro miyezi inayi yathunthu atangotengedwa ndi gulu. Tchuthi n'chimene chimamuonetsa kuti mwa zonse zija, zake zenizeni ndi ziti.

Nyengo nayo simuthandiza. M'dera la Chicago mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti folo masana, ndipo tsiku lonse limakhala ndi kuwala kwa maola asanu ndi anayi okha. Kuzizira kwake n'kosasimbika: pa 30 Januwale 2019 mumzindawu munazizira kufika madigiri 30 pansi pa ziro. Madokotala amadziwa kuti kuchepa kwa dzuwa kumabweretsa ulesi, tulo tambiri ndi kukhumudwa kwa anthu ena, vuto limene Norman Rosenthal ndi anzake analifotokoza mu 1984. Choncho mwana amene akugona mpaka masana, n'kudzuka foni ili kumanja, tisathamangire kumutcha wobwerera m'mbuyo. Nthawi zina thupi lake likungolipira ngongole ya tulo ta nthawi ya mayeso. Vuto limayamba sabata yoyamba ikatha iye adakali m'bulangeti.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri amene wabwerera kwa makolo ake. Walumbira mumtima kuti foni izigona kukhitchini, isalowe kuchipinda. M'mawa kudakali mdima amatsika, kuyatsa ketulo, n'kukhala pa tebulo lomwe lija ankalemberapo homuweki ali kamwana. Baibulo lili apo, kope lili apa, kapu ya khofi ikufuka nthunzi. Asanamalize chaputala, mng'ono wake wafika kudzafunsa kumene kuli masokosi ake, ndipo amayi akuitana kuti chipale chofewa chatseka njira ya galimoto. Amavala magolovesi, kutenga fosholo, n'kuyamba kukankha chipalecho mzere ndi mzere, mpweya wake ukutuluka ngati utsi. Akamaliza pakhomo pawo amaona kuti kwa agogo oyandikana nawo sikunakhudzidwe, ndiye amapitiriza mpaka pa masitepe awo. Pobwerera zala zauma, khofi wazizira, chaputala chija chikumudikira.

Ine ndimakhulupirira kuti kukula kwa mtsikanayu kwagona pamenepa. Ku koleji n'kosavuta kukhala woleza mtima kwa anthu amene wawadziwa dzana. Kunyumba kuli anthu amene amakumbukira ukali wake, ulesi wake, ndi tsiku limene anamenyetsa chitseko ali ndi zaka 15. Iwowa sagoma ndi mawu akuluakulu a zaumulungu amene waphunzira m'kalasi. Amaona ngati watsuka mbale osauzidwa, ngati wamvetsera bambo ake akamafotokoza nkhani imene aifotokozapo kangapo, ngati wapita kutchalitchi chakwawo n'kukhala bwinobwino ngakhale nyimbo zake sizikumufika pamtima ngati za ku koleji.

Chaka chatsopano chikayandikira, ambiri amatenga ndondomeko yowerengera Baibulo lonse. Yotchuka kwambiri ndi ya Robert Murray M'Cheyne, mbusa wa ku Dundee ku Scotland, amene anaikonzera mpingo wake mu 1842, miyezi yochepa asanamwalire ali ndi zaka 29. Imapatsa munthu machaputala pafupifupi anayi pa tsiku ochokera m'malo anayi osiyana, kotero kuti pa 1 Januwale amatsegula Genesis, Mateyu, Ezara ndi Machitidwe a Atumwi. Pofika kumapeto kwa chaka amakhala atawerenga Chipangano Chakale kamodzi, Masalimo ndi Chipangano Chatsopano kawiri. Ena amangoyamba pa Genesis n'kumapita mtsogolo, machaputala atatu kapena anayi tsiku lililonse mwa 1,189 amene alipo. Oterewa amafika pa Levitiko mu Febuluwale, makalasi atagundika, ndipo malamulo a nsembe aja ndi amene amagwetsa ulesi ambiri. N'chifukwa chake masabata a tchuthi ali amtengo wapatali: chizolowezi chikazika mizu nthawi ya mtendere, chimapirira nthawi ya mayeso.

Tchuthichi chimakhalanso ndi misonkhano ikuluikulu. Bungwe la InterVarsity, lomwe ndi la banja limodzi ndi SCOM ya kuno kwathu pansi pa IFES, mgwirizano wa mabungwe a ophunzira achikhristu, limachititsa msonkhano wa umishonale wa Urbana m'masiku otsiriza a Disembala. Unayamba ku Toronto mu 1946, ndipo unatenga dzina lake ku Urbana, Illinois, komwe unkachitikira kuyambira 1948. Palinso Passion, umene Louie Giglio anauyambitsa mu 1997, ndipo zaka zina wadzaza bwalo la Mercedes-Benz ku Atlanta ndi achinyamata. Kumisonkhano yotere anthu amalira, amalapa, ena amadzipereka ku utumiki wa moyo wonse, ndipo zimenezi sindizipeputsa ayi. Komabe msonkhano umatha m'masiku atatu kapena anayi. Wophunzira amabwerera ku tebulo la kukhitchini lija ali yekha, ndipo zimene analonjeza pakati pa khamu zimafuna kuti mawa adzuke.

Kope lija nalo lili ndi mbiri pa Wheaton. Jim Elliot, amene anamaliza pa kolejiyi mu 1949 n'kuphedwa pamodzi ndi amishonale anzake anayi ku Ecuador pa 8 Januwale 1956, anayamba kulemba zolingalira zake pa Baibulo mu 1948 akadali wophunzira. Mkazi wake Elisabeth anadzazisindikiza. Owerenga amapezamo mnyamata wamoto, komanso masiku amene ankadandaula kuti mtima wake wauma ndipo sanapeze kanthu m'mawu amene wawerenga. Anapitiriza kulemba ndithu. Wophunzira wa lero amene kope lake lili ndi masamba opanda kanthu pakati angalimbe mtima podziwa zimenezo.

Pali gulu lina limene tchuthichi chimawalemera mwa njira ina: ophunzira ochokera kutali, ku Africa, Asia ndi South America, amene tikiti ya ndege yopita kwawo ndi yodula kwambiri. M'makoleji ambiri a ku America nyumba zogona ndi malo odyera zimatsekedwa pa Khrisimasi, ndiye iwo amalandiridwa ndi anzawo a m'kalasi, mabanja a kutchalitchi kapena achibale okhala m'mizinda ina. Mlendo m'nyumba ya eni amaphunzira kudzuka pa nthawi ya eni nyumba, kudya zimene sanazizolowere, ndi kupeza kangodya kopempherera mosasokoneza ena. Amawerengeranso maola asanaimbe foni kwawo: kwa wochokera ku Malawi, ku Illinois ikamakwana 6 koloko m'mawa, ku Lilongwe imakhala 2 koloko masana, ndipo amayi ake amakhala atabwerako kale kumunda kapena adakali kuntchito.