Banyira wa m'masewera a pa intaneti ali ndi mbedza

Inu amalonda mukuidziwa ntchito ya banyira. Mukaonjezera katomato kamodzi pa mulu si chifundo ayi, mukufuna kasitomala abwerenso mawa. Eni masewera a pa intaneti, aja anthu zikwizikwi amasewera pamodzi, nzeruyi anaigwira, koma ine ndikuona kuti anaipyoza muyezo.

Taonani World of Warcraft ya kampani ya Blizzard ku America. Inatuluka mu 2004, wosewera aliyense nkumalipira pafupifupi madola 15 pa mwezi. Pofika 2010 olipira anakwana 12 miliyoni. Malonda otere phindu lake lili poti munthu asachoke. Nchifukwa chake mu 2007 anaikamo timaganyu ta tsiku ndi tsiku tokhala ndi mphoto. Ukajomba lero, ya lero yakupita. Kuonjezera apo pali anzako a pagulu amene akudikira iwe usiku kuti mukaphe limodzi chilombo, ndiye kusiya kumakhala ngati kuthawa pa dima anzako makasu ali m'manja. Komabe anthu amatopa. Mu 2015 olipira anatsika kufika 5.5 miliyoni, ndipo Blizzard inaleka kulengeza chiwerengerocho. Ndani amalengeza pamsika kuti malonda alowa pansi?

Epic Games, eni ake a Fortnite, anadzera khomo lina. Kulowa nkwaulere, koma kuyambira Disembala 2017 anayamba kugulitsa chomwe amati battle pass. Umapereka pafupifupi madola 10 pa nyengo ya miyezi iwiri kapena itatu, koma zovala zambiri za kamunthu kako ka m'masewerako sulandira pompo. Uzikhetsera thukuta maola ambirimbiri, ndipo nyengo ikatha usanamalize, zotsalazo sulandira. Kunena mosapsatira, walipira ndalama kuti akulembe ganyu! Kampani yomweyi mu 2022 inavomera kupereka madola 245 miliyoni pamlandu umene bungwe la boma la America loteteza ogula linaizenga, woti inkatchera anthu, ana omwe, kugula zinthu mosafuna.

Ophunzira athu amene mumakanirira PUBG Mobile pa foni, kamphoto kolandira ukangolowa tsiku lililonse kaja nkochokera m'thumba lomweli. Mwina simunagulepo kanthu m'masewerawo, koma bandulo mukugula ndinu, ndipo kalendala ya mphotozo sidziwa kuti mawa muli ndi mayeso.