ZA ULENDO WA DZINA LANU LOLEMBEDWA KU CIPATALA

Abale athu a m'midzi, nonse mudziwa kabuku kaja mumanka nako ku cipatala, ndi kaundula wamkuru m'mene mlembi alembamo dzina la wodwala, mudzi wace ndi nthenda yace. Kapena muyesa kuti zolembazo zithera pa thebulo pomwepo. Iai ndithu! Ulendo wace ngwautali, ndipo lero tifuna kukulongosolerani.

Kale, mwezi ukatha, alembi anali kuwonkhetsa odwala ndi manja, natumiza mapepala ku boma. Ena mwa mapepalawo anali kucedwa m'njira, ena kutayika, kotero kuti akuru a zaumoyo anali kumva mbiri ya nthenda itagwetsa kale anthu ambiri.

Masiku ano ziwerengerozo azilowetsa m'kompyuta, mwa njira yochedwa DHIS2. Nzeru imeneyi inayambira ku South Africa zitapita zisankho za 1994, mothandizana ndi aphunzitsi a pa Yunivesite ya Oslo ku Norway. Mtundu wace woyenda pa intaneti unayamba nchito ku Kerala, m'dziko la India, mu 2006, ndipo tsopano uli m'maiko oposa 70. Dziko lathu la Malawi linaulandira mu 2012. Motero munthu ali ku Lilongwe akhoza kuona odwala malungo a boma liri lonse, ana obadwa, ndi ana amene analandira katemera. Ndipo ziwerengero zomwezi zithandiza akuru polingalira kotumiza mankhwala.

Kumbukirani kolera uja anabuka ku Machinga m'mwezi wa March 2022, nafalikira maboma onse, napha anthu oposa 1,700. Pa mliri wotere tsiku limodzi liri ndi mtengo wa moyo, pakuti cithandizo cithamangira kumene mbiri yafulumira kucokera.

Sitikana kuti mabvuto alipo. Zipatala zina za kumidzi ziribe magetsi okhazikika, intaneti iduka, ndipo anamwino atopa ndi kulemba cinthu cimodzi m'mabuku angapo. Izi nza boma kuzikonza, pophunzitsa alembi ndi kuwapatsa zipangizo zokwanira.

Koma mbali ina njathu. Kompyuta siidziwa cimene sinauzidwe. Mai akaberekera pakhomo osakalembetsa mwana, kwa akuru aja mwanayo kulibe, ndipo katemera wace sawerengedwa. Tikabisa wotsegula m'mimba cifukwa ca manyazi, mudzi wathu uoneka wamoyo pamene uli kutha. Makolo athu anati, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Cifukwa cace tikupemphani: sungani kabuku ka ku cipatala pouma, osabwerekana ndi mnansi, nenani dzina, zaka ndi mudzi wanu moona, ndipo nthenda yacilendo ikalowa pamudzi, uzani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Mukatero, mwatumiza mthenga wokaitana mankhwala a ana anu.