Pamene Kompyuta Ifunsa Koma Osadikira Yankho

M'mapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, alimi ambiri amalima khofi ndipo amagulitsa kudzera m'makopaletivi. Mlembi wa gulu lotere amasunga dzina la mlimi aliyense pamodzi ndi makilogalamu amene wapereka. Kaundula ameneyu akasungidwa m'kompyuta amakhala m'chimene chimatchedwa fayilo. Nkhani ya lero ikufotokoza vuto limodzi limene mlembi angakumane nalo, ndi m'mene angalithetsere.

Alipo mapulogalamu ena opanda zithunzi, amene amagwira ntchito munthu akalemba lamulo pa mzere. Kachitidwe kawo kanakhazikika ndi Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga mu 1969 ku Bell Labs, m'dziko la America, ndipo Linux ya mu 1991 inatsata njira yomweyo. Pulogalamu yotere ili ndi makomo atatu: khomo 0 ndi lolandirira, khomo 1 lotulutsira zotsatira, khomo 2 lonenera zolakwika. Mwa chikhalire, khomo 0 limayang'ana ku kiyibodi.

Mlembi safuna kulembanso maina onse ndi manja. Tsono ngati pulogalamu yake yoŵerengera malipiro ikutchedwa lipira, amalemba kuti lipira < alimi.txt. Kachizindikiro ka < kamatembenuza khomo 0 kuti liyang'ane ku fayilo. Pulogalamuyo siisankha, imangotenga chimene chadzera pakhomopo.

Apa ndi pamene pagona vuto. Pulogalamu ikafunsa kuti, "Kodi malipiro aŵa alembedwe?" imadikira yankho pa khomo 0 lomwelo, kumene kiyibodi kulibenso. Ngati fayilo yatha, imapeza kuti palibe choŵerenga, nkutseka mlembi asanayankhe. Ngati fayilo isanathe, zinthu zimaipa koposa: imameza mzere wotsatira ngati kuti ndilo yankho. Mzere umenewo ndi dzina la munthu, ndipo mlimi amene anatsika phiri atasenza khofi wake sapezeka pa tsiku la malipiro.

Njira yoyamba ndi yosagwiritsa ntchito chizindikiro cha < konse. Mapulogalamu ambiri amalola kuti dzina la fayilo lingolembedwa patsogolo pa lamulo, motere: lipira alimi.txt. Pulogalamu imatsekula yokha fayiloyo, ndipo khomo 0 limatsalira kiyibodi.

Njira yachiŵiri ndi ya wolemba pulogalamu. Mu Unix ndi Linux muli dzina lapadera, /dev/tty, limene limaloza kiyibodi ndi sikirini ya munthu amene anayambitsa ntchito, ngakhale khomo 0 litatembenuzidwa. Dzinali linachokera ku makina akale otumizira mauthenga otchedwa teletype. Lamulo lakuti read yankho < /dev/tty limatenga yankho limodzi kwa mlembi, kenaka pulogalamu nkubwerera ku fayilo yake. Lakuti exec < /dev/tty limabweza khomo 0 ku kiyibodi mpaka ntchito itatha. Pa Windows dzina logwira ntchito yofananayo ndi CON.

Njira yachitatu imathandiza pamene alimi ena abwera mochedwa ndipo maina awo mulibe m'fayilo. Mlembi amalemba kuti cat alimi.txt - | lipira. Lamulo la cat limatsanulira fayilo yonse m'pulogalamu, ndipo kamzere kopingasa kotsatira dzina la fayilo kamatanthauza kuti kiyibodi ipitirize pamene fayilo yalekezera. Popeza kiyibodi ilibe mathero ngati fayilo, mlembi akamaliza amadina Ctrl pamodzi ndi D poyambira mzere watsopano. Pa Windows chizindikiro cha kutha ndi Ctrl ndi Z, kenaka Enter.

Chenjezo ndi lakuti /dev/tty imafuna munthu akhalepo. Pulogalamu yoikidwa kuti iziyamba yokha usiku ilibe womufunsa, choncho siyenera kukhala ndi mafunso.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma wofunsa osamva yankho sasiyana naye. Mlembi wanzeru, asanagwire kaundula wa gulu lonse, ayambe wayesa ndi fayilo ya maina 3 okha. Pulogalamu ikaima nkudikira yankho, ndipo maina onse 3 akatuluka, ndiye kuti khomo layang'ana koyenera.