"GULITSA TIMU!" AKUTERO OCEMERERA A KU PITTSBURGH

Mu April 2025, pa tsiku limene timu ya Pittsburgh Pirates inasewera koyamba pabwalo la kwao m'nyengo imeneyo, kandege kakang'ono kanazungulira pamwamba pa bwalolo kalikukoka nsaru. Pansarupo panali mau ouza mwini timu, Bambo Bob Nutting, kuti aigulitse kwa munthu wina. Pansi napo anthu amene analipira ndalama zao pakhomo anali kufuula mau omwewo. Amene analipira kandegeko sanali adani a timuyi ai, koma ocemerera ace eni-eni, ana ndi adzukulu a anthu amene anaikonda kuyambira kale.

Pittsburgh ndi mzinda wa m'cigawo ca Pennsylvania, m'dziko la Amereka. Unakula cifukwa ca malasha ndi mafakitale osungunula citsulo, monga momwe mizinda ya ku Migodi inakulira cifukwa ca mkuwa. Masewera amene aputa mkwiyo wonsewu amachedwa baseball. Timu iri yonse imalowetsa anthu 9 m'bwalo. Woponya wa timu imodzi amaponya kampira kolimba kwa womenya wa timu inzace, amene amagwira cibonga ca mtengo. Akakamenya, amathamanga kuzungulira ngodya zinai za bwalo, ndipo akabwerera pamene anayambira, timu yace imapeza cigoli cimodzi. Masewera amakhala ndi zigawo 9, ndipo pa caka timu imasewera masewera 162. Motero wocemerera timu yofooka samva cisoni pa Sabata pokha, amamva pafupi-fupi tsiku ndi tsiku kucokera mu April kufikira mu September.

MASIKU A ULEMERERO

Cimene cimawawitsa mtima anthu a ku Pittsburgh ndico cakuti timu yao inali yoopsa kale. Inatenga cikho cacikulu ca World Series kasanu: mu 1909, 1925, 1960, 1971 ndi 1979. Inali kwao kwa Roberto Clemente wa ku Puerto Rico, katswiri amene anafera pangozi ya ndege pa 31 December 1972 alikupereka thandizo kwa anthu obvutika ndi cibvomezi ku Nicaragua. Pa 1 September 1971 timu yomweyi inali yoyamba m'ligi yaikulu kulowetsa m'bwalo osewera 9 onse akuda kapena ocokera ku maiko a Latin America.

Akulu-akulu a mumzindawo amaloza usiku umodzi monga ciyambi ca tsoka. Pa 14 October 1992, Pirates inali kutsogola ndi zigoli 2 kwa 0 m'cigawo cotsiriza polimbana ndi Atlanta Braves, ndipo wopambana anayenera kukapikisana pa cikho. M'mphindi zowerengeka zinthu zinatembenuka, Atlanta inapambana 3 kwa 2. Amene anathamangira cigoli comariza anali Sid Bream, munthu wa bondo lobvuta amene kale anali wosewera wa Pirates yomweyo. Nyengoyo itatha, Barry Bonds, womenya wopambana onse wa timuyi, anapita ku San Francisco kumene anampatsa madola oposa 43 miliyoni pa zaka 6. Kucokera mu 1993 kufikira mu 2012, zaka 20 zotsatizana, panalibe caka ngakhale cimodzi cimene Pirates inapambana masewera ambiri koposa amene inagonja. Mwana wobadwa m'caka cimene Bonds anacoka anatsiriza sukulu ya sekondale asanaone timu ya atate wace ikucita bwino.

KUGULITSA NG'OMBE YOLIMIRA

Dandaulo lalikulu la ocemerera likhudza kusinthanitsa osewera. Mwa lamulo la masewerawa, wosewera amakhala m'manja mwa timu yace zaka 6 zoyamba. Malipiro ace amakwera pang'ono-pang'ono, ndipo zakazo zikatha ali ndi ufulu wopita kwa ali yense wopereka ndalama zambiri. Atsogoleri a Pirates anazolowera kumpereka wosewera wabwino ku timu ina nthawiyo isanakwane, nalandira anyamata awiri kapena atatu osadziwika, a malipiro ocepa. Kwa ocemerera, izi ziri ngati mlimi amene amagulitsa ng'ombe yolimira mvula itayandikira, nagula ana a ng'ombe, ndipo anawo akangofika pa msinkhu wokoka pulawo amawagulitsanso.

Citsanzo cimene sacileka kuchula ndi ca Aramis Ramirez. Mu July 2003, ali ndi zaka 25, anaperekedwa ku Chicago Cubs, timu ya m'gulu limodzi ndi Pirates, makamaka pofuna kucepetsa malipiro. Anakhala mmodzi wa omenya odalirika a Cubs kwa zaka zambiri, ndipo caka ndi caka anali kubwera kudzalanga timu imene inamlera. Ici cinacitika patangopita zaka ziwiri kucokera pamene bwalo latsopano la PNC Park linatsegulidwa mu 2001. Mbali yaikulu ya ndalama zomangira bwalolo inacokera ku thumba la boma, ndipo anthu anali atauzidwa kuti bwalo latsopano lidzathandiza timu kusunga akatswiri ace.

Banja la a Nutting, limene linalemera ndi nchito ya manyuzipepala, linatenga ulamuliro wa timu mu January 2007. Pa 30 June caka comweco gulu la ocemerera linapangana kubvala malaya obiriwira, mtundu wa ndalama za ku Amereka, ndi kunyamuka m'mipando yao cigawo cacitatu cikatha. Koma tsikulo timu inasewera bwino nipambana, ndipo amene ananyamuka anali ocepa. Nkobvuta ndithu kukwiyitsa munthu amene timu yace iri kutsogola. Mu 2010, caka cimene Pirates inagonja masewera 105, makalata a cuma ca timu anaululika kwa atolankhani, ndipo anaonetsa kuti mu 2007 ndi 2008 timu inapanga phindu la madola mamiliyoni ambiri ngakhale inali kugonja. Kuyambira pamenepo ambiri anakhulupirira kuti kugonjako sikupweteka thumba la mwini wace.

PAMENE OCEMERERA ANALAKWA

Komabe si nthawi zonse pamene khamu limaona bwino, ndipo mbiri ya timuyi iri ndi umboni wokwanira. Mu June 2009 anthu anakwiya kwambiri Nate McLouth ataperekedwa ku Atlanta. Malo ace anatenga mnyamata wochedwa Andrew McCutchen, amene mu 2013 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ya National League. Caka cimeneco Pirates, motsogozedwa ndi manijala Clint Hurdle, inapambana masewera 94 ndipo manyazi a zaka 20 anatha. Pa 1 October 2013 bwalo lonse linabvala zakuda, anthu naimba dzina la woponya wa Cincinnati, Johnny Cueto, monyoza, kufikira mpira unampulumuka m'dzanja nugwa pansi. Ataponyanso, Russell Martin anaumenya kunja kwa mpanda. Kwa zaka zitatu timu inali pakati pa zamphamvu, ndipo mu 2015 inapambana masewera 98.

Tsono mu January 2018, m'masiku atatu okha, woponya Gerrit Cole anaperekedwa ku Houston ndipo McCutchen ku San Francisco. Anthu oposa 50,000 anasaina cikalata copempha akulu a ligi kuti aumirize a Nutting kugulitsa timu. Palibe amene anasamala za kamnyamata kochedwa Bryan Reynolds kamene kanabwera posinthanitsa ndi McCutchen. Koma Reynolds ndiye anadzakhala womenya wodalirika wa timu, ndipo mu 2023 anasaina pangano la madola oposa 100 miliyoni.

Mu July 2018 atsogoleri anacita cimene khamu linali kulirira. Anapereka anyamata atatu, Austin Meadows, Tyler Glasnow ndi Shane Baz, ku Tampa Bay kuti atenge woponya wochuka, Chris Archer. Mzinda unakondwera kuti tsopano timu yayamba kugula m'malo mogulitsa. Cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere: Archer anapambana masewera 6, nagonja 12, nabvulala, ndipo mu 2021 anabwerera ku Tampa Bay komweko. Meadows anamenya mpira kunja kwa mpanda nthawi 33 mu 2019, Glasnow naye nakhala woponya woopsa. Lero ocemerera amati kusinthanitsa kumeneku ndi kumodzi mwa koipitsitsa m'mbiri ya timu, ndipo ndi ocepa amene amabvomera kuti anaomba m'manja tsiku lija.

MUTU UKAKULA SULEWA NKHONYA

Mikangano ya tsiku ndi tsiku m'mabawa ndi pa wailesi imakhudza manijala: wayika yani patsogolo pa mndandanda wa omenya, wacotseranji woponya amene anali kucita bwino, wasunthiranji wosewera pa malo amene anazolowera. Mu 2017 McCutchen anacotsedwa pakati pa bwalo napatsidwa mbali ya kumanja kuti Starling Marte atenge malo ace. Pasanapite mwezi Marte analetsedwa masewera 80 cifukwa ca mankhwala oonjezera mphamvu, ndipo McCutchen anabwerera pakati. Mu August 2024 mkangano wonga womwewo unabuka pamene Oneil Cruz, mnyamata wamtali wa dzanja lamphamvu koma wolakwitsa kawiri-kawiri, anasamutsidwa kucoka pafupi ndi ngodya kupita pakati pa bwalo.

M'nyengo ya 2017 imeneyo munacitikanso cinthu cokhudza Afirika. Pa 26 April, Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira m'kacipinda ka pabwalo la baseball ku Randburg kumene amai ace anali kugwira nchito, anakhala munthu woyamba wobadwira mu Afirika muno kusewera m'ligi yaikulu. Anamenya bwino mpira pa mwai wace woyamba, bwalo lonse niliimirira. Mu November caka comweco nayenso anaperekedwa ku Toronto.

Amanijala amabwera namapita. Hurdle anacotsedwa nchito mu 2019, pamodzi ndi Neal Huntington amene anali kuyang'anira za kugula ndi kusinthanitsa osewera. Derek Shelton amene analowa m'malo anaona timu ikugonja masewera 101 mu 2021 ndi 100 mu 2022, ndipo anacotsedwa mu May 2025 itapambana 12 nigonja 26. Don Kelly, mwana wa m'dera lomwelo, anapatsidwa udindo, koma nyengo inatha ndi kupambana 71 ndi kugonja 91. Apa ocemerera ambiri sanasangalale monga momwe khamu limacitira manijala akacotsedwa. Anaona kuti wophika sangatumbe nsima yokwanira mudzi ndi kaufa ka m'mbale, ndipo mau ao analunjikabe kwa wosunga nkhokwe.

Eni timu amayankha kuti Pittsburgh ndi mzinda waung'ono umene sungapikisane pa ndalama ndi New York kapena Los Angeles, ndipo njira yao ndiyo kulera anyamata. M'mau amenewa muli coonadi, pakuti m'ligiyi mulibe malire okhwima a malipiro. Koma pa mfundo iyi ocemerera ndiwo ali ndi mlandu wolimba. Matimu olemera amagawira matimu a m'mizinda yaing'ono ndalama caka ndi caka, ndipo mu 2018 bungwe la osewera linadandaula mwalamulo kuti Pirates ndi matimu ena atatu sanali kugwiritsa nchito ndalamazo moyenera. Kufikira nyengo ya 2025 itatha, pangano lalikulu koposa limene timuyi inapatsa wosewera waufulu linali la madola 39 miliyoni, kwa Francisco Liriano mu 2014. Ndiponso Milwaukee, mzinda wosaposa Pittsburgh pa cuma ca masewerawa, inatsogola gulu lomwelo mu 2023, 2024 ndi 2025, ndipo mu 2025 inapambana masewera 97, koposa timu iri yonse m'ligi.

Cimene cinakolezera moto mu 2025 ndi mnyamata mmodzi, Paul Skenes. Analowa m'timu mu May 2024, nasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana, ndipo mu 2025 analandira mphotho ya Cy Young imene imapatsidwa kwa woponya wabwino koposa. Pa zigawo 9 ziri zonse adani anali kumgoletsa zigoli zosakwana ziwiri. Ngakhale zinali tero, anapambana masewera 10 nagonja 10, pakuti anzace omenya anagoletsa zigoli zocepa koposa timu iri yonse mwa matimu 30. McCutchen, amene anabwerera kwao mu 2023, anali pakati pao ali ndi zaka 38. Zaka 6 za Skenes zidzakwana nyengo ya 2029 ikadzatha, ndipo ocemerera amene anaona Bonds, Ramirez ndi Cole akucoka anayamba kuwerenga zakazo pa zala tsiku lomwe mnyamatayo anaponya mpira wace woyamba.