Kusankha Katochi ka UV Kopachika pa Makiyi

Pakati pa katundu amene amayalidwa m'misika ndi m'masitolo a zamagetsi, pafupi ndi mabatire, maloko ndi zingwe zotchajira foni, pamapezeka timatochi totalika ngati chala, tokhala ndi mphete yopachikira makiyi. Munthu akakayatsa kamodzi masana saona kuwala kwenikweni, amangoona kadontho ka mtundu wa pepo. Timeneti ndi timatochi ta kuwala kwa ultraviolet, kumene mwachidule kumatchedwa UV. Mtengo wake ndi wotsika ndipo zimene timaonetsa mumdima n'zodabwitsa, kotero n'kosavuta kuti wogula akhulupirire chilichonse chimene wauzidwa. Katochi kameneka kali ndi ntchito zenizeni pa ukhondo wa pakhomo, koma banja limene lingakayese chida chophera majeremusi m'madzi akumwa likuika moyo wa ana ake pachiswe. N'chifukwa chake munthu ayenera kudziwa chimene akugula asanatulutse ndalama zake.

KUWALA KUMENE MASO SAONA

Aliyense adaonapo utawaleza mvula ikakata. Mitundu yake imayambira pa wofiira n'kukathera pa wa pepo. M'chaka cha 1801, katswiri wina wa ku Germany, dzina lake Johann Wilhelm Ritter, adapeza kuti kupitirira mtundu wa pepowo kulinso kuwala kwina kumene maso a munthu saona, koma kumene kudadetsa msanga mankhwala a siliva amene iye adaika pamenepo. Kumeneku ndiko kuwala kwa UV.

Akatswiri amasiyanitsa mitundu ya kuwala ndi muyeso wotchedwa nanomita, umene mwachidule umalembedwa kuti nm. Kuwala kwa UV kuli m'magulu atatu: UVA, kuyambira 315 mpaka 400 nm, UVB, kuyambira 280 mpaka 315 nm, ndi UVC, kuyambira 100 mpaka 280 nm. Dzuwa limatulutsa magulu onsewa, koma UVC imatchingidwa ndi mpweya wa kumwamba isanafike pansi pano. UVB ndiyo imawaula khungu, makamaka la anthu achialubino. UVC ndiyo ili ndi mphamvu zambiri zopha majeremusi, ndipo nyali zake za 254 nm zimaikidwa m'makina oyeretsera madzi, zitatsekeredwa bwino kuti zisavulaze munthu.

Timatochi tambiri ta pa makiyi ndi ta gulu la UVA, ta 395 nm kapena 365 nm. Chinsinsi chake n'chakuti zinthu zina zikaunikidwa ndi UVA zimamwa kuwalako n'kukubweza monga kuwala kooneka ndi maso. Motero chinthu chimene chinali chobisika mumdima chimayamba kunyezimira chokha.

NTCHITO ZIMENE KAMAGWIRA

Chinkhanira chikaunikidwa ndi UV usiku chimawala mobiriwira, ngakhale chitadzibisa pakati pa nkhuni kapena m'ming'alu ya khoma. Mayi amene akuyalira ana mphasa pansi angathe kuunika m'mbali mwa chipinda, m'zofunda ndi m'nsapato, n'kupulumutsa mwana ku ululu waukulu. Komabe njoka siwala motero. Choncho woyenda panja usiku asasiye tochi yake ya masiku onse.

Mkodzo wa makoswe nawonso umawala, moyera mwa buluu kapena mwachikasu, ndipo kawirikawiri umaoneka ngati mzere wa timadontho. Oyendera zaukhondo akhala akugwiritsa ntchito nyali za UV kwa zaka zambiri poyang'ana matumba a ufa, mpunga ndi shuga m'nyumba zosungira chakudya. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti mkodzo wa makoswe umafalitsa nthenda yotchedwa leptospirosis, imene imatenthetsa thupi ndipo nthawi zina imabweretsa chikasu ndi kuwononga impso. Koma popeza sopo wa ufa ndi mafuta a makina nazonso zimawala, woyendera wanzeru amafunafunanso ndowe za makoswe ndi malo amene abowola asanaweruze.

Pophunzitsa kusamba m'manja, aphunzitsi a zaumoyo amapaka ophunzira mafuta apadera amene amawala mu UV, n'kuwauza kuti akasambe ndi sopo. Akawaunika, pakati pa zala, m'zikhadabo ndi kuseri kwa chala chachikulu mumaoneka mukuwalabe. Chimene chikuwala pamenepo ndi mafutawo, pakuti katochika sikaonetsa majeremusi. Koma phunziro lake limalowa m'mutu kuposa mawu ambiri.

Eni magolosale amakagwiritsanso ntchito poyesa ndalama za pepala. Pepala wamba limawala lonse mwa buluu, pamene pepala la ndalama zenizeni za mayiko ambiri limakhala lozimirira, n'kumangowala zizindikiro zimene osindikiza adabisamo. Ndalama yeniyeni imene inachapidwa pamodzi ndi zovala ingathenso kuwala chifukwa cha sopo, kotero kuyesa kumeneku sikokwanira pakokha.

PAMENE KAMANYENGA

M'chaka cha 1903, Robert Wood wa ku America adapanga galasi lotchinga kuwala kooneka n'kumangodutsitsa UV. Nyali yotchedwa ndi dzina lake imathandiza madokotala a khungu kufikira lero, chifukwa mitundu ina ya zipere za m'mutu imawalitsa tsitsi mobiriwira. Koma mtundu wofala kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, wotchedwa Trichophyton violaceum, suwala. Kholo limene laona kuti mutu wa mwana sukuwala lisaganize kuti mwanayo ali bwino. Zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala.

N'chimodzimodzi ndi chuku cha m'chimanga. Njere zoswedwa zimene zagwidwa ndi chuku nthawi zina zimawala mwachikasu chobiriwira, koma chimanga chosawala chingathe kukhalabe ndi poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Chitetezo chenicheni ndicho kuumitsa bwino zokolola, kuzisunga pouma ndi kutaya njere zonse zowola.

Chinyengo choopsa koposa ndi cha madzi. Katochi ka 395 kapena 365 nm n'kofooka kwambiri, ndipo munthu ngakhale ataunika m'ndowa mpaka batire litatha, majeremusi a kolera, tayifodi ndi kamwazi amakhala ali moyo. Anthu a m'Malaŵi sanaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 n'kupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700. Madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa mpaka atabwadamuka kwa mphindi imodzi, kapena kuthiridwa klorini monga mwa malangizo a alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Iliponso njira ya dzuwa: madzi osadetsedwa amathiridwa m'botolo lapulasitiki loonekera m'kati, losapitirira malita 2, n'kuligoneka padzuwa lamphamvu kwa maola 6, kapena masiku 2 ngati kuli mitambo yambiri. Njirayi imatheka chifukwa dzuwa limaomba botolo lonse kwa nthawi yaitali ndiponso limatenthetsa madziwo, zimene katochi sikangachite.

Pa nthawi ya mliri wa COVID-19 mu 2020, zida zambiri za UV zinkagulitsidwa m'mayiko osiyanasiyana monga zophera majeremusi. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, lidachenjeza kuti nyali za UV zisagwiritsidwe ntchito poyeretsa manja kapena khungu, chifukwa zimapsereza khungu ndi kuvulaza maso. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZOYENERA KUONA POGULA

Choyamba ndi nambala yolembedwa pa katochi kapena pa phukusi lake. Ka 395 nm n'kotchipa ndipo kamakwanira pofunafuna zinkhanira, koma kamatulutsa kuwala kwa pepo kochuluka kumene kumaphimba zinthu zowala pang'ono. Ka 365 nm n'kokwererapo mtengo ndipo m'maso kamaoneka kozimirira, koma ndiko kamaonetsa bwino mkodzo wa makoswe ndi zizindikiro za pa ndalama. Tina ta mtundu umenewu timakhala ndi galasi lakuda kutsogolo, limene limachotsa kuwala kooneka kotsalako. Pa timatochi timeneti, kuwala kwambiri m'maso si umboni wa ubwino.

Chachiwiri ndi kukayesa asanalipire. Wogula apite pamalo a mthunzi, kapena atchinge ndi chikhatho, n'kuunika pepala loyera la m'kope kapena malaya oyera ochapidwa ndi sopo wa ufa. Ngati katochi ndi kenikeni, pepalalo linyezimira mwa buluu ngati layaka lokha. Ngati likungooneka lopakidwa mtundu wa pepo, ndiye kuti kuwala kwa UV m'menemo n'kochepa.

Chachitatu ndi batire. Timatochi tochepetsetsa timayendera timabatire tozungulira ngati batani la malaya, timene sitichedwa kutha ndipo kumudzi timasowa. Ka batire la AAA kapena kotchaja ndi chingwe cha foni n'kokulirapo, koma ndiko kamakhalitsa. Ngati munthu wasankhabe ka timabatire tozungulira, aonetsetse kuti chivindikiro chake n'chomangidwa ndi sikuluwu, choti mwana sangatsegule ndi zala kapena ndi mano.

Chachinayi ndi poyatsira. Katochi koyaka pokhapo chala chikukanikiza n'kabwino m'nyumba ya ana, chifukwa sikangasiyidwe kali chiyakire.

Chachisanu ndi zoyenera kukana. Kalikonse kolembedwa kuti UVC, kapena kokhala ndi nambala yochepera 300 nm, kapena kolonjeza kupha majeremusi, kasiyidwe pomwepo. Ngati lonjezolo ndi labodza, ndalama zapita pachabe ndipo banja lidalira chinthu chopanda mphamvu. Ngati ndi loona, kuwalako kungapsereze maso m'kanthawi kochepa, ululu wake n'kudzamveka patapita maola angapo. Akanenso timatochi tokhala ndi kadontho kofiira ka laser, pakuti ana amakonda kulozerana nako m'maso.

KASAMALIDWE KAKE PAKHOMO

Ngakhale UVA ili yofatsa poyerekeza ndi magulu enawo, munthu asayang'ane mwachindunji m'katochi koyaka, ndipo asaunike nako m'maso mwa mnzake kapena mwa chiweto. Popeza kuwalako kumaoneka kozimirira, diso siliphethira monga limachitira ndi tochi wamba, kotero limalandira kuwala kochuluka mwini wake osazindikira. Kayatsidwe kwa nthawi yochepa, mumdima, pafupi ndi chinthu chimene chikuyang'anidwa.

Makiyi ndi chidole chimene amayi ambiri amapatsa khanda kuti litonthole, ngakhale pa mzere wa kusikelo. Makiyi okhala ndi katochi asaperekedwe kwa mwana. Kabatire kozungulira kakakakamira kum'mero kwa mwana kangawotche m'mero m'maola 2 okha. Mwana amene wameza kabatire, kapena amene akuganiziridwa kuti wameza, asamusanzitse ndipo asadikire kuti zizindikiro zioneke. Athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, atatenga katochiko kuti a chipatala aone kukula kwa batire lake. Timabatire takutha tisatayidwe pabwalo kapena pamoto, pakuti ngakhale takutha timavulazabe.

Munthu amene akufuna kuona zinkhanira, kulondola njira za makoswe kapena kuyesa ndalama pa golosale yake, katochi ka UV kamuthandiza, makamaka ka 365 nm kokhala ndi batire lotsekedwa bwino. Koma ngati ndalama zili zochepa ndipo pakhomo palibe sopo kapena klorini, zimenezi ndizo ziyambe kugulidwa. Amene ali ndi mafunso pa za madzi akumwa, makoswe kapena matenda a pakhungu afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, kapena a chipatala chimene ali nacho pafupi. Safunsa adadya phula.