ZA CHIMFINE CHOSATHA NDI MUTU WA PAMPHUMI

Mwezi wa Juni, umene tilemekeza Mtima Woyera wa Yesu, ndiwonso mwezi umene mphepo ya mwera iwomba pa phiri la Ntchisi ndi m'zitunda za Dowa, nitengera chimfine m'nyumba zathu. Chimfine wamba sichiopsa. Koma chiripo china chimene chikana kuchoka, ndipo ndicho ndifuna kukambirana nanu.

Mulungu potiumba anasiya timapanga m'mafupa a nkhope: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso ndi kuseri kwa mphuno, tinayi mbali iyi, tinayi mbali inayo. Madokotala atitcha sinus. M'menemo muli mpweya, ndipo mamina ake atsikira m'mphuno pa tiziboo tating'onoting'ono. Chimfine chikatupitsa mnofu wa m'kati, tizibooto titsekeka, mamina nadikha monga madzi a m'chithaphwi. Pamenepo nkhope ilemera, mphumi kapena tsaya ziwawa, makamaka munthu akawerama. Fungo la ndiwo silimvekanso, ndipo ena ayesa kuti akudwala mano akumwamba. Nthawi zinanso dzino lovunda la kumwamba ndilo liyambitsadi nthendayi, pakuti mizu yake iri pafupi ndi kaphanga ka m'tsaya.

Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, fumbi la m'chigafa posankha fodya, ndi fodya wofwenkha, zonsezi zisautsa mphuno. Ndidziwa kuti agogo ena andikwiyira pa mau otsirizawa, koma kabotolo kawo sikatsegula mphuno ai, kaonjezera kutupa. Odwala mphumu ndi amene thupi lawo lafooka ndi HIV agwidwa kawirikawiri koposa anzawo.

Ambiri achira okha pakhomo. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mchere kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo atazizira, kokerani pang'ono m'mphuno imodzi ndi kuminanso, kenaka inayo. Madzi a pachitsime osawiritsa musayese. Panado achepetsa ululu. Mwana musampatse asipirini. Kufukiza ndi masamba a bulugamu kupepuza ena kanthawi, koma ana apsa nawo madzi otenthawo, tsono iwo alekeni. Mphini za pamphumi sizifika kumene kuli nthenda, pakuti iri kuseri kwa fupa.

Mamina achikasu kapena obiriwira pa okha sindiwo chifukwa chogulira makapisozi pa golosale. Mankhwalawo sagwira tizilombo ta chimfine, ndipo kumwa awiri lero, awiri mawa, kungophunzitsa tizilombo tina kuwapirira. Werengani masiku. Akapitirira 10 osapeza bwino, kapena wodwala atayamba kuchira nabwereranso ndi kutentha thupi ndi mutu woposa kale, mukani naye ku chipatala: ku boma la Dowa kapena la Ntchisi, ku Madisi, ku Mtengowanthenga, kapena chimene chiri pafupi. Kumeneko akaona kuti nkoyenera adzampatsa amoxicillin kapena mankhwala ena. Amwe monga adokotala anenera. Mphuno yotsekeka masabata 12 ifunika kupimidwa bwino, popeza mwina mwamera tinyama m'katimo.

Tsono mverani ichi, inu amai makamaka. Fupa lolekanitsa timapanga ta pakati pa maso ndi diso lenileni ndi lopyapyala monga chigoba cha dzira, ndipo mafinya akhoza kuliwoloka. Chaka china, poyendera mphakati wina wa kumapiri, ndinapeza kamnyamata ka zaka 6 chikope chitatupa ndi kufiira, diso losatseguka. Makolo ake anati kalumidwa ndi kachilombo, nadikira masiku awiri. Za chimfine chimene kanali nacho sabata yathunthu palibe anaganizapo. Tinakanyamula pa njinga madzulo omwewo, ndipo a chipatala anakatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Diso linapulumuka, koma adokotala sanabise kuti tinachedwa.

Chifukwa chake, munthu wa chimfine akatupa diso, akaona zinthu ziwiriziwiri, akatupa pamphumi, akauma khosi, akasanza ndi mutu waukulu, akayamba kubwebweta kapena kugona kosadzutsika, musawerengenso masiku ai. Mafinya angakhale akulowera ku diso kapena ku ubongo. Musadikire kuti kuche, ngakhale kuti bambo abwere ku msika wa fodya. Bwerekani njinga, ndipo akhristu a mumphakati athandize kunyamula usiku womwewo.